Nkhokwe isunge, a m'dera agawe

Kuyambira chaka cha chilala cha 2024, pamene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza m'mwezi wa April kuti dziko la Zimbabwe lili pa ngozi ya njala, pali mtsutso umene sukuzirala pakati pa ife olankhula Chichewa muno mu Harare. Ndaumva pabwalo la tchalitchi anthu ataweruka ku mapemphero, ndaumva pa misonkhano ya mabungwe a maliro, ndipo tsiku lina unabuka ngakhale pa siwa, amuna akuwotha moto usiku ku Mufakose. Gwero lake ndi maganizo abwino amene mipingo ina, mizikiti ndi anthu akufuna kwabwino akhala akukambirana, oti chakudya chimene amalandira kwa opereka chizisonkhanitsidwa pamalo amodzi m'malo moti gulu lililonse lizipempha palokha. Pa zosonkhanitsazo ambiri akumvana, koma pagona mkangano ndi pa funso lakuti chakudyacho chikaunjikidwa chizituluka bwanji. Ena akufuna kuti pakhomo pa nkhokweyo pazikhala mzere, aliyense wanjala azibwera yekha kudzalandira phukusi lake popanda wina woima pakati. Ena akuti nkhokwe isamagawire munthu mmodzimmodzi, koma izipereka katundu kwa magulu amene akudyetsa kale anthu m'madera, monga amayi ophikira ana amasiye, nyumba zosungira okalamba, sukulu za mkombaphala ndi makomiti a m'mipingo. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ndipo ndikunena mosapsatira kuti nkhokwe ikayamba kugawira anthu pakhomo pake imasiya ntchito imene palibe wina angaigwire, n'kuyamba kulimbana ndi ntchito imene ena akuigwira kale bwino kuposa iyo.

Tisanapite patali, ndi bwino kukumbukira kumene njira imeneyi inachokera, chifukwa ena amaiyesa nzeru yongopekedwa m'maofesi. Nkhokwe yoyamba ya mtundu umenewu, St. Mary's Food Bank, inatsegulidwa mu 1967 mumzinda wa Phoenix ku Arizona, m'dziko la America, ndipo woyambitsa wake anali John van Hengel, bambo amene ankathandiza pamalo ena ophikira osauka. Iye anaona kuti masitolo ankataya zakudya zabwinobwino chifukwa chongoti chitini chapindika kapena tsiku logulitsira layandikira, koma anaonanso kuti malo amodzi ophikira sangathe kulandira zonsezo n'kuzimaliza. Yankho lake linali nyumba yosungiramo katundu, kumene opereka amadzatula ndipo magulu osiyanasiyana odyetsa anthu amadzatapa, monga mmene anthu amaikira ndi kutapira ndalama, n'chifukwa chake Azungu anaitcha banki ya chakudya. Lero bungwe la Feeding America lili ndi nkhokwe pafupifupi 200 zimene zimapereka chakudya kwa magulu ndi malo ophikira pafupifupi 60,000. Ku Britain bungwe la FareShare, limene linayamba mu 1994, limatsata njira yomweyi, ndipo pafupi ndi ife pano, ku South Africa, bungwe limene lero likutchedwa FoodForward SA lakhala likutola zakudya zotsala kwa alimi, m'mafakitale ndi m'masitolo kuyambira 2009 n'kumazipereka kwa mabungwe ang'onoang'ono amene linawayendera ndi kuwavomereza. Ndivomere kuti njira inayo iliponso, pakuti ku Britain komweko nkhokwe za Trussell Trust zimapereka maphukusi kwa munthu mwiniwake. Koma ngakhale kumeneko munthu sangolowa. Amabwera ndi kakalata kochokera kwa wina amene akudziwa za vuto lake, kaya ndi wazaumoyo, a kusukulu kapena mlangizi, zimene zikusonyeza kuti iwonso anazindikira kuti nkhokwe payokha ilibe maso oonera amene ali pamavuto.

Ntchito ya nkhokwe yotere ndi yolemetsa ndipo siioneka pa zithunzi. Pamafunika munthu woyendera eni masitolo, ophika buledi ndi alimi kuti apangane nawo masiku otolera, ndipo pamafunika lole yodalirika ndi mafuta ake. Katundu akafika amakwezedwa pa sikelo, amalembedwa m'buku, amasankhulidwa kuti chovunda chipatulidwe, ndipo chimene tsiku lake layandikira chimaikidwa patsogolo kuti chituluke msanga. Ufa ndi nyemba ziyenera kukhala pamwamba pa matabwa, kutali ndi chinyezi, anankafumbwe ndi makoswe, pamene mkaka ndi nyama zimafuna chipinda chozizira chimene sichizima magetsi akathima, ndipo aliyense wokhala mu Harare akudziwa kuti pamenepo tikunena za jenereta kapena sola. Kumbali inayo, gulu lofuna kulandira limalembetsa, a nkhokwe amapita kukaona pamene limaphikira, madzi amene limagwiritsa ntchito ndi chiwerengero cha anthu amene limadyetsa, kenaka limapatsidwa tsiku lobwera kudzatenga ndipo limapereka lipoti la mmene chakudya chinayendera. Tsono ngati anthu omwewa, amene nthawi zambiri amakhala ochepa komanso ongodzipereka, atawonjezeredwa udindo woyang'anira mzere wa anthu mazanamazana pa geti, kumva madandaulo a aliyense ndi kuweruza amene akunena zoona, lole siidzapita kukatenga buledi pa nthawi yake ndipo tomato adzavundira m'mabokosi.

Komabe chifukwa changa chachikulu chikukhudza munthu wanjalayo kuposa nkhokwe. Ndinakhalapo m'mawa wina pakhomo pa amayi ena achikulire ku Epworth, amene amaphikira ana phala masiku atatu pa sabata mu mgolo wodulidwa pakati, woteleka pa mafuwa kuseri kwa nyumba. Ali ndi kope la ana a sukulu, lodetsedwa ndi utsi m'mphepete, limene analembamo mayina a ana ndi a okalamba ochepa. Ana anabwera ndi mbale, makapu ndi zigubu zodulidwa, ndipo atatha kugawa, amayiwo anayendetsa chala m'kopemo, n'kuitana mdzukulu wawo. "Iwe, tenga mbale iyi ukawapatse agogo aja a kuseri kwa thanthwe, ukawauze kuti ndawapatsa moni, ndipo ukaone ngati adzuka bwino." Nditafunsa chifukwa chimene agogowo sabwerera okha, anandiyankha kuti, "Mwana wanga, amenewo sangaime pa mzere ndi mbale m'manja ngakhale atagona ndi njala masiku atatu. Amuna awo anali kapitawo pa famu, anthu ankadya kwawo." Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo njala ya m'tauni ili ndi anthu ambiri otere. Mzere wa pa nkhokwe umadyetsa wamphamvu, wa mawu okweza ndiponso amene ali ndi ndalama ya kombi (minibasi) yopita ndi yobwerera kuchokera ku Epworth, ku Hopley, ku Hatcliffe kapena ku Dzivaresekwa kufika kumene kuli nyumba zosungira katundu. Wodwala chigonere, mwana amene akulera ang'ono ake, ndi nkhalamba yamanyazi safika kumeneko. Ndiponso phukusi la nyemba zouma ndi mtolo chabe kwa munthu amene alibe nkhuni, gasi kapena madzi owiritsira, pamene moto umodzi wa amayi aja umaphikira onse pamodzi.

Kwa ife palinso china chimene anzathu ena sachimva msanga. Makolo a ambiri mwa ife anabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za Azungu mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo ochuluka anatchona. Mnzathu wachishona zikamuthina m'tauni amatha kulandira thumba la chimanga kuchokera kumudzi kwawo ku Murehwa kapena ku Gokwe, kapenanso kutumizako ana kuti akadye ndi agogo awo, koma ambiri a ife tilibe mudzi wotere m'dziko muno. Zimenezi zinaoneka poyera mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba zimene linkati n'zosaloledwa m'matauni, pamene ogumuliridwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, ndipo ana a machona analibe kolowera. Komanso, ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti obadwira muno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, bungwe la mayiko a kummwera kwa Africa, ndi nzika, alipo okalamba ndi zidzukulu zawo amene mpaka lero alibe ziphaso. Nkhokwe yogawira anthu amene siiwadziwa imakakamizika kufunsa chiphaso, chifukwa ilibe njira ina yoletsera munthu kulandira kawiri, ndipo oyamba kubwezedwa pa geti adzakhala agogo athu omwewa. Bungwe la maliro, amayi a chigwirizano kapena komiti ya pa mzikiti safunsa chitupa, popeza munthuyo anam'dziwa kalekale, anaikapo mwamuna wake m'manda ndipo akudziwa khomo limene amagona.

Otsutsana nane ali ndi mfundo zimene sindingazinyoze, ndipo yolemera koposa ndi ya kuba. Iwo amati dzanja lililonse limene thumba ladutsamo limatapako, kotero kuti kuchulukitsa magulu olandira ndiko kuchulukitsa akuba, ndipo ambiri amanena zimenezi chifukwa anaonapo ndi maso awo ufa wa thandizo ukugulitsidwa m'timapepala pa msika. Sindikukana kuti zimenezi zimachitika. Chimene ndikukana ndi chakuti mzere umodzi waukulu umathetsa kuba, pakuti chimene umachita ndi kusonkhanitsa mpata wonse wobera m'manja mwa munthu mmodzi wosunga makiyi, amene palibe angathe kum'tsutsa akanena kuti lero analandira anthu 600 pamene anali 400, chifukwa anthuwo abalalika kale mzinda wonse ndipo sadziwana. Pamene nkhokwe ikupereka kwa magulu, pamakhala mabuku awiri olembedwa ndi anthu osiyana, lina lonena chimene chinatuluka pa sikelo ndi lina lonena chimene chinafika, ndipo mayi aliyense wophika amadziwa mbale zimene zimatuluka m'thumba la makilogalamu 50, kotero kuti bodza silichedwa kuonekera. Kuwonjezera apo, odyetsedwawo ndi oyandikana nyumba ndi wogawayo, ndipo akaona lole itatsitsa matumba asanu Lachiwiri koma phala n'kusowa Lachinayi, afunsa. Ine ndikanakonda kuti gulu lililonse lolandira lizilemba pa khoma, poonekera aliyense, zimene lalandira sabata imeneyo. Chinanso n'chakuti gulu limodzi likapezeka likuba, nkhokwe imatha kulichotsa m'kaundula n'kupereka gawo lake kwa gulu lina la dera lomwelo, ana n'kupitiriza kudya. Koma wakuba akakhala pa nkhokwe yokhayo imene onse akuidalira, ndiye khoswe wakhala pa mkhate, sapheka, chifukwa kutseka nkhokweyo ndiko kugoneka onse ndi njala.

Mfundo ina yoyandikana nayo ndi ya tsankho, ndipo iyi imandivuta kwambiri kuiyankha. Anthu amati mpingo udzadyetsa akhristu ake okha, mzikiti Asilamu ake, ndipo komiti ya m'dera idzayamba yayang'ana khadi la chipani, makamaka m'dziko lino limene madandaulo akuti chakudya cha thandizo chimagawidwa motsata ndale akhala akumveka kwa zaka zambiri. Amatinso kudziwa anthu kumene ndikukutamandaku kuli ndi kuipa kwake, chifukwa amene amakudziwa angathenso kukhala amene munayambana naye pa mjigo. Zonsezi n'zoona, ndipo sindilonjeza kuti tsankho lidzatheratu. Koma pamenepa m'pamene nkhokwe imakhala ndi mphamvu imene wopereka mmodzimmodzi alibe, chifukwa imatha kuika m'pangano lolembedwa kuti chakudya chake sichigulitsidwa, sichisinthanitsidwa ndi umembala, ndipo palibe wokakamizidwa kupemphera kapena kuonetsa khadi asanadye, n'kumapita kukaona mosadziwitsa ngati panganolo likusungidwa. Mankhwala ena a tsankho ndi kusalola kuti dera limodzi likhale ndi khomo limodzi lokha. Ngati ku Mbare kapena ku Highfield kuli mpingo, mzikiti, sukulu ya mkombaphala ndi bungwe la maliro zonse zikutapa ku nkhokwe imodzi, wokanidwa pakhomo lina ali ndi pena pogogoda, ndipo ali ndi nambala ya foni ya nkhokwe yokadandaulako. Wokanidwa pa geti la nkhokwe yogawa yokha alibe kwina kopita.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina, amati njira yonseyi ndi ya mayiko okhuta kumene masitolo amataya zakudya, ndipo muno mulibe chotsala choti n'kusonkhanitsa. Amene amalankhula chonchi ndimawapempha kuti akaime pa Mbare Musika, msika waukulu wa zokolola muno mu Harare, dzuwa litakwera. Alimi a ku Mutoko, ku Murehwa ndi ku Domboshava amafika usiku ndi tomato, kabichi ndi masamba, amagulitsa mbandakucha, koma nthawi imene zinthu zachuluka, pofika masana mlimi amakhala ndi mabokosi amene sangabwerere nawo kumudzi chifukwa ndalama yokwezera iposa mtengo wake, ndipo amagulitsa motaya kapena kuwasiya pomwepo. Bungwe la FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwa pa dziko lonse, matani pafupifupi 1.3 biliyoni pa chaka, chimawonongeka kapena kutayidwa, ndipo m'mayiko ngati athu kuwonongekako kumachitika kwambiri pakati pa munda ndi msika, osati pa mbale. Chotsala chilipo, koma chimabwera mwadzidzidzi, chochuluka nthawi imodzi, ndipo chimafuna kudyedwa lero kapena mawa. Ndinaziona ndekha pamalo ena ophikira ana amene ndimathandizako. Kampani ina inatiyimbira foni madzulo ena kuti ili ndi yogati ndi buledi, ndipo tinasangalala, koma galimoto itafika tinapeza kuti katunduyo anali wokwanira midzi ingapo. Tinali ndi firiji imodzi ya m'nyumba, magetsi anathima usiku umenewo, ndipo ngakhale tinayenda khomo ndi khomo kugawa mpaka kunada, mawa lake masana tinakwirira m'dzenje makatoni amene akanadyetsa ana a ku Hopley amene sitinkadziwa n'komwe nambala ya owaphikira. Sindinaiwale nkhope za amayi amene ankakwirira aja. Pakanakhala nkhokwe yokhala ndi chipinda chozizira ndi kaundula wa magulu khumi ndi asanu, katundu yense uja akanatha tsiku limodzi.

Ndisabise kuti zotsala zokha sizingadyetse Harare, ndipo pamenepa otsutsawo akunena zoona. Ufa, mafuta ophikira, nyemba, soya ndi matemba sizitsala m'masitolo, ziyenera kugulidwa. Koma zimenezi zikulimbikitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa, chifukwa magulu makumi awiri akamagula aliyense kathumba ka makilogalamu 10 pa golosale ya pafupi amalipira mtengo wokwera, pamene nkhokwe yogula matani angapo kuchigayo kapena kwa alimi nthawi yokolola imapeza zochuluka ndi ndalama zomwezo. Wopereka wamkulu nayenso amasankha kulankhula ndi ofesi imodzi yokhala ndi mabuku olongosoka kusiyana ndi kulandira makalata makumi awiri opempha chinthu chimodzi.

Pali amene amanyansidwa ndi ganizo lodyetsa osauka zimene olemera azikana, amati kumeneko ndi kunyoza munthu komanso kuika moyo wake pachiswe. Mantha amenewa ali ndi maziko mumzinda umene unavutika kwambiri ndi kolera wa 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo unaonanso matendawa akubuka ku Glen View ndi ku Budiriro mu 2018. Yankho langa ndi lakuti zotsala zikuperekedwa kale lero, popanda wozisankhula, ndipo ena akuzitola okha kudzala. Nkhokwe ndiyo imaika munthu wodziwa kusiyanitsa madeti awiri olembedwa pa zakudya, lina longonena kuti kukoma kuyamba kuchepa, ndi lina lonena kuti pakadutsa tsikulo chakudyacho sichiyeneranso kudyedwa, monga pa nyama ndi mkaka. Ndiyo imathanso kukana katundu woipa popanda kuopa kukhumudwitsa wopereka, chinthu chimene mayi wophikira ana yekha sangayerekeze kuchita kuopa kuti sadzapatsidwanso. Poyendera magulu, nkhokwe imatha kuphunzitsa za madzi otetezedwa, ndowa yosambira m'manja ndi kasungidwe ka ufa, ndiponso kuwathandiza kukwaniritsa zofuna za khonsolo. Tinaona mu 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha COVID-19, momwe malo ophikira anabukira m'makomboni chifukwa cha chifundo cha anthu wamba, ena n'kupezeka akukangana ndi akuluakulu pa nkhani ya zilolezo. Malo otere amafuna wina wamkulu woima nawo. Ndipo za ulemu, mbale ya nsima yotentha ndi kabichi wabwino yoperekedwa ndi munthu wokutchula dzina siinyoza aliyense. Chonyoza ndi kuima padzuwa maola anayi kunja kwa geti, anthu odutsa akukuyang'ana.

Za amene amati tingopatsa anthu ndalama azigula okha, ndikugwirizana nawo pa zambiri. Bungwe la WFP, nthambi ya United Nations yopereka thandizo la chakudya, lathandizapo mabanja a m'matauni ndi ndalama, kuphatikizapo ku Epworth, ndipo banja limene lili ndi mayi wamphamvu, mbaula ndi msika pafupi limapindula kwambiri ndi njira imeneyo. Koma ndalama siipulumutsa tomato wa pa Mbare, siiphikira wodwala chigonere, ndipo muno tikudziwa mmene imasungunukira, pakuti ndalama ya dziko lino ya ZiG imene inayamba mu April 2024 inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 m'mwezi wa September chaka chomwecho. Njira ziwirizi zimathandiza anthu osiyana ndipo palibe chifukwa chozimenyanitsira.

Mfundo yakuti nkhokwe zotere zimachotsera boma udindo wake ndi yoona ngati tikhala chete. Kudyetsa nzika pa nthawi ya njala ndi ntchito ya boma, ndipo palibe mpingo kapena bungwe limene lingalowe m'malo mwa ntchito, malipiro okwanira ndi thandizo la okalamba. Komabe gulu limodzi la amayi ophika likadandaula palibe amalimva, pamene nkhokwe yokhala ndi malipoti a magulu makumi atatu imatha kuima pamaso pa khonsolo kapena nduna ndi chiwerengero chenicheni cha mbale zimene zinagawidwa mwezi uno poyerekeza ndi mwezi watha. Imathanso kupempha malamulo othandiza, monga limene dziko la America linakhazikitsa mu 1996 loteteza wopereka chakudya ndi mtima wabwino kuti asaimbidwe mlandu, kapena la ku France la 2016 loletsa masitolo akuluakulu kuwononga zakudya zodyeka m'malo mozipereka kwa mabungwe. Ndipo nzeru yosunga pamodzi si yachilendo pa nthaka ino. Ashona ali ndi Zunde raMambo, munda ndi nkhokwe ya mfumu yothandizira amasiye ndi okalamba, ndipo ngakhale kumeneko mfumu imadalira nyakwawa kuti ndizo zinene khomo limene moto wazima.

Choopsa chenicheni, chimene otsutsa ambiri sachitchula koma ine chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, ndi chakuti nkhokwe ingasanduke bwana wa magulu amene inayenera kuwatumikira. Zimayamba pang'onopang'ono: fomu ya masamba asanu ndi limodzi m'Chingerezi, lamulo loti gulu likhale ndi akaunti ya kubanki ndi satifiketi ya boma, lipoti lotumizidwa pa kompyuta, ndi lamulo loti aliyense azibwera ndi galimoto yake kudzatenga katundu. Malamulo otere amasefa amayi aja a ku Epworth, amene alibe chilichonse mwa zimenezi koma ndiwo akufika kuseri kwa thanthwe, n'kusiya mabungwe a maofesi m'tauni okha. Nkhokwe zina kunja zimalipiritsa magulu kandalama kochepa kothandizira mafuta ndi magetsi, ndipo sindikutsutsa zimenezo kwa gulu limene lingakwanitse, koma muno kandalamako kasakhale chifukwa chobwezera aliyense. Ngati tikhazikitsa nkhokwe, ophikawo akhale ndi mipando mu komiti yoiyendetsa, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo ndi amene angauze nkhokwe kuti isawatumizire mabisiketi pamene akusowa mafuta ophikira. Magulu ang'onoang'ono opanda mapepala aloledwe kulembetsa pansi pa mpingo kapena mzikiti wowaikira umboni. Lole ya nkhokwe izipita yokha kukatula katundu pamalo amodzi ku Epworth, pena ku Hopley, pena ku Dzivaresekwa, pa tsiku lodziwika la sabata, kuti mayi azingobwera ndi wilibala. Ndipo lipoti lovomerezeka likhale kope lija lodetsedwa ndi utsi, lolembedwa m'Chichewa kapena m'Chishona, limene mnyamata wa pa lole angalijambule ndi foni pamene anzake akutsitsa matumba.